Kajumbo kopanda chizindikiro m'chakudya cha ziweto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi alimi anzanga a ziweto, eni zigayo zopanga chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, komanso akuluakulu amene adapatsidwa udindo woyang'anira katundu wolowa m'dziko muno, pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano. Ndakhala ndikuweta nkhuku za nyama ndi za mazira kwa zaka 14, ndipo monga alimi ambiri amene mtengo wa chakudya cha m'matumba udatifika pakhosi, ndimasakaniza ndekha. Chimanga ndi gaga ndimadziwa kumene zachokera, soya ndimakazinga ndekha pachiwaya, usipa ndimayamba ndaununkhiza ndisanaugule. Koma pali kanthu kamodzi kamene ndimathira m'chakudyacho mongokhulupirira, ndiko kaufa ka mavitamini ndi michere kamene timati pirimikisi, kamene pa makilogalamu 100 a chakudya sikakwana n'theka la kilogalamu lomwe.

Tsiku lina ndidapita kusitolo ina mumzinda kukagula kaufaka. Mnyamata wogulitsa adamasula thumba lalikulu limene lidali kuseri kwa kauntala, adatapa ndi kapu yapulasitiki, n'kuyeza pasikelo, n'kumanga m'kajumbo koyera kopanda cholembedwa chilichonse. Pambali pake padali matumba ena awiri otsegula, lina la laimu wa nkhuku za mazira, lina la ufa wotuwa umene sindidauzindikire, ndipo kapu yotapira idali imodzi yomweyo. Nditapempha kuti andionetse chizindikiro cha pathumba, adandiyankha mwaulemu kuti, "Bambo, pepala lake lidathothoka pobwera, koma ndi yemweyo amene mumagula masiku onse." Ndidagula, pakuti anapiye 300 ankandidikira kukhola. Nkhukuzo zidakula bwino ndipo ndidazigulitsa, koma kajumbo kaja sikadandichoke m'mutu, chifukwa zimene zidachitika ku Michigan, m'dziko la America, m'chaka cha 1973 zidayamba ndi thumba losalembedwa bwino.

Kampani ya Michigan Chemical Corporation, imene idali m'tauni ya St. Louis m'chigawo cha Michigan, inkapanga zinthu ziwiri za maina ofanana. China chinkatchedwa NutriMaster, mchere wa magnesium oxide wothira m'chakudya cha ng'ombe za mkaka. Chinacho chinkatchedwa FireMaster, mankhwala a mtundu wa PBB othira m'mapulasitiki kuti asayake moto. Matumba osindikizidwa kale atasowa, zinthu zonse ziwirizi zidalongedwa m'matumba wamba ofanana, ndipo matumba angapo a FireMaster adapita kuchigayo cha Farm Bureau Services, kumene antchito adathira ufawo m'chakudya cha ng'ombe poganiza kuti ndi mchere wa masiku onse. Mlimi wina wa ng'ombe za mkaka, Fred Halbert, adaona ng'ombe zake zikukana kudya, mkaka ukutsika, ziboda zikukula mopindika. Mwamwayi iyeyu adaphunzira za makemikolo, ndipo adalimbikira kutumiza chakudyacho kumalabotale osiyanasiyana mpaka chifukwa chake chidadziwika mu Epulo 1974. Apo n'kuti anthu atamwa mkaka ndi kudya nyama ndi mazira oipitsidwa kwa miyezi yambiri. Makola oposa 500 adatsekedwa, ng'ombe pafupifupi 30,000 ndi nkhuku pafupifupi 1.5 miliyoni zidaphedwa n'kukwiriridwa, ndipo kafukufuku wa m'zaka zotsatira adapeza PBB m'matupi a pafupifupi aliyense amene adayezedwa m'chigawocho. Palibe amene adafuna kupha ng'ombe kapena munthu. Thumba lidangofanana ndi linzake.

PBB ndi wachibale wa gulu la ziphe limene lili ndi dioxin ndi PCB, ndipo ndi bwino owerenga adziwe khalidwe lake. Dioxin palibe fakitale imene imamupanga kuti igulitse. Amabadwa yekha pamene zinthu zokhala ndi chlorine zikupsa pamoto wosakwanira, monga potentha zinyalala ndi mapulasitiki, posungunula zitsulo, kapenanso popanga mankhwala ena monga pentachlorophenol wotetezera matabwa ku chiswe. Koma PCB ankapangidwa mwadala ndipo kwa zaka zambiri ankathiridwa m'mathiransifoma a magetsi chifukwa sayaka msanga. Zonsezi sizisungunuka m'madzi koma zimakonda mafuta, choncho chiweto chikazidya sizituluka ndi mkodzo, zimakakhazikika m'mafuta a nyama, m'chikasu cha dzira ndi mu mkaka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa magawo 100 alionse a dioxin wolowa m'thupi la munthu, oposa 90 amadzera m'chakudya, makamaka nyama, mkaka ndi nsomba, ndipo akalowa pamatenga zaka 7 mpaka 11 kuti theka lake lokha lichoke. Amasokoneza ubereki, kakulidwe ka mwana m'mimba ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo mtundu wake woopsa kwambiri, TCDD, udaikidwa m'chaka cha 1997 pagulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Chuku cha mu mtedza ndi chimanga tidachizolowera, ndipo ngakhale chiphe chake sichioneka, nthawi zambiri njere yowola imadzionetsa posankha. Dioxin alibe fungo, alibe mtundu, ndipo kuphika nkhuku mpaka kufewa sikumuchotsa.

Nkhani imene mlimi aliyense wa nkhuku ayenera kuimva ndi ya ku Belgium m'chaka cha 1999. Kumeneko kudali makampani otolera mafuta okazingira otha ntchito ndi mafuta a nyama, n'kuwasungunula, n'kuwagulitsa kwa opanga chakudya cha ziweto, pakuti mafuta amanenepetsa nkhuku msanga. Mu Januwale chaka chimenecho mafuta a m'thiransifoma adalowa mu mafuta oterewa, ndipo kampani ya Verkest idawapereka kwa opanga chakudya. Akatswiri adawerengera kuti PCB amene adalowamo adali makilogalamu pafupifupi 50, ndipo dioxin adali pafupifupi galamu imodzi yokha, kanthu kosadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. Zimenezi zidasakanikirana ndi matani 500 a chakudya. Pofika Febuluwale alimi adaona kuti nkhuku zasiya kuikira bwino, mazira sakuswa, anapiye akutupa ndi madzi m'thupi n'kumafa. Zotsatira za kulabotale zidatuluka mu Epulo, koma anthu wamba adauzidwa kumapeto kwa Meyi, pamene mazira ndi nkhuku zambiri zidali zitadyedwa kale. Masitolo adachotsa nkhuku, mazira ndi nyama ya nkhumba, maiko ena adatseka zipata zawo ku katundu wa ku Belgium, ndipo nkhuku mamiliyoni zidaphedwa. Nduna ya zaumoyo Marcel Colla ndi nduna ya zaulimi Karel Pinxten zidatula pansi udindo, ndipo pa chisankho cha pa 13 Juni boma la Jean-Luc Dehaene lidagwa. Chimene chidakwiyitsa anthu kwambiri sichidali chiphe chokha ayi, koma masabata amene akuluakulu adakhala chete akudziwa.

Chimandikhudza m'nkhani imeneyi n'chakuti nkhuku ndizo zidachenjeza anthu. Chimodzimodzinso ku Japan m'chaka cha 1968, nkhuku pafupifupi 400,000 zidafa zitadya chakudya chothira mafuta otsalira pa fakitale ya Kanemi yoyenga mafuta a gaga wa mpunga. Nkhaniyo idatengedwa ngati ya ziweto basi, ndipo patapita miyezi anthu zikwizikwi amene ankaphikira mafuta a fakitale yomweyo adayamba kutuluka zotupa pankhope ndi kufooka, matenda amene adatchedwa Yusho. Ife kuno nkhuku zikayamba kufa kapena mazira akaleka kuswa timathamangira kunena kuti ndi chitopa kapena gumboro, timagula mankhwala, ndipo zimene zapulumuka timazigulitsa msanga kuti tipezeko kangachepe. Si kawirikawiri pamene mlimi amasunga chakudya chimene nkhukuzo zinkadya kuti chikaunikidwe, ndipo ngakhale atafuna, thumba limakhala litatha ndipo kajumbo katatayidwa.

Wina anganene kuti Belgium idalakwitsa pogwiritsa ntchito mafuta otoleza, ndipo amene amagula zosakaniza zoyera za m'mafakitale alibe chodera nkhawa. Zochitika zina zikutsutsa ganizo limeneli, chifukwa chiphe chakhala chikulowera m'zinthu zimene palibe amaziganizira, zotsika mtengo kuposa zonse m'thumba. Ku America m'chaka cha 1997 dioxin adapezeka m'nkhuku ndi m'nsomba zoweta, ndipo atalondola adapeza kuti adachokera m'dongo la pa mgodi wina ku Mississippi, limene linkathiridwa pang'ono mu ufa wa soya kuti usaumbike zigulumwa. M'chaka cha 1998 akatswiri a ku Germany adaona dioxin akukwera mu mkaka, ndipo gwero lake lidali makoko ouma a malalanje ochokera ku Brazil, amene adathiridwa laimu woipitsidwa poumitsa. M'chaka cha 2000 vuto lidapezeka mu choline chloride wochokera ku Spain, chinthu chimene chimapezeka m'mapirimikisi ambiri a nkhuku. Choline mwini wake adalibe vuto, koma popeza amakhala wamadzimadzi, amamwetsedwa mu ufa wina kuti aume n'kumasakanizika, ndipo mu ufawo mudali utuchi wa matabwa opakidwa pentachlorophenol. M'chaka cha 2008 dziko la South Korea lidapeza dioxin mu nyama ya nkhumba yochokera ku Chile, ndipo gwero lidali zinc oxide wa m'pirimikisi amene adachokera ku zotsalira za kusungunula zitsulo. Dongo, laimu, utuchi ndi zinki ndi zinthu zimene wogula pirimikisi saziona ndipo sazifunsa, koma kaufa kamodzi kotere kamagawidwa m'matani mazanamazana a chakudya n'kufika m'makola amene eni ake sadziwana n'komwe.

Ku Ireland kudachitika chinthu chimene chikusonyeza mtengo wa kusadziwa kumene katundu wachokera ndi kumene wapita. Kampani ina inkaumitsa buledi wotsala kuti akhale chakudya cha nkhumba, ndipo utsi wa mafuta oipitsidwa ndi PCB amene ankayatsira choumitsiracho unkakhudza chakudyacho. Makola a nkhumba amene adalandira chakudyachi adali 10 okha. Koma popeza m'mafakitale ophera nkhumba nyama ya m'makola onse inkasakanizidwa popanda njira yoilekanitsira, pa 6 Disembala 2008 boma lidalamula kuti nyama yonse ya nkhumba yopangidwa m'dzikolo kuyambira pa 1 Sepitembala ichotsedwe pamsika, Khirisimasi ili pafupi. Makolo athu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo alimi osalakwa adalira pamodzi ndi ochepa amene adakhudzidwa. Ku Germany mu Januwale 2011 makola pafupifupi 4,700 adatsekedwa kwa kanthawi chifukwa kampani ya Harles und Jentzsch idasakaniza mafuta oyenera ntchito za m'mafakitale ndi mafuta a chakudya cha ziweto. Kumeneko, popeza mabuku adalipo, akuluakulu adatha kulondola katunduyo khola ndi khola n'kumatsegula msanga amene adapezeka kuti alibe vuto.

Sindikunena kuti pirimikisi amene ali m'masitolo athu ali ndi chiphe, ndipo sindikufuna kuti wina asiye kudya mazira chifukwa cha kalata ino, pakuti ana athu akusowa kale zakudya zomanga thupi. Chimene ndikunena n'chakuti makomo onse amene chiphe chidalowera kunja kuja ali otsegula kuno. Mavitamini ndi michere yothira m'chakudya cha ziweto timaitanitsa kunja, ndipo ikafika imagawidwa m'timajumbo topanda dzina la wopanga, tsiku lothera ntchito kapena nambala ya gulu limene idapangidwira. Kubedwa kwa mafuta a m'mathiransifoma a ESCOM ndi nkhani imene nyuzipepala zakhala zikulemba kwa zaka zambiri, ndipo mafuta obedwa sasungidwa m'nyumba ngati chikumbutso, amagulitsidwa. Si thiransifoma iliyonse ili ndi PCB, koma zakale zina zili naye, ndipo wakuba sayeza. Mlimi mnzanga wina adandionetsa chigubu cha malita 20 cha mafuta akuda amene adagula motchipa kwa okazinga tchipisi kuti azinenepetsera nkhuku zake. Nditamufunsa kuti, "Achimwene, kodi mukudziwa kuti mafutawa asanafike pachiwaya adachokera kuti?" adangoti chachikulu n'chakuti nkhuku zikulemera. Pambuyo pa zimene zidachitika ku Belgium, maiko a European Union adaletsa kuthira mafuta otsala m'malo odyera m'chakudya cha ziweto, pamene kuno chigubu choterocho chimayenda panjinga masanasana.

Palinso utuchi umene timayala m'makola, umene timatola kwa akalipentala osafunsa ngati matabwawo adapakidwa mankhwala, ndipo nkhuku zimaujompha tsiku lonse. Nkhuku zachikuda nazo, zimene timazitama kuti zimadya zachilengedwe, zimapalasa pa phulusa la dzala limene tatenthapo majumbo, mabotolo ndi mawaya. Mazira a nkhuku zoyendayenda pafupi ndi malo otenthera zinyalala za magetsi ku Agbogbloshie, mumzinda wa Accra ku Ghana, atayezedwa adapezeka ndi dioxin wochuluka modetsa nkhawa, malinga ndi lipoti la m'chaka cha 2019. Izi mlimi aliyense atha kuzikonza pakhomo pake popanda kudikira boma.

Ndikudziwa yankho limene akuluakulu angapereke, lakuti kuyeza dioxin n'kokwera mtengo. Ndi zoona. Pamafunika makina apadera amene ali m'malabotale ochepa padziko lapansi, ndipo bungwe la WHO limati kuyeza kanthu kamodzi kumayambira pa madola pafupifupi 1,000 a ku America. Palibe angayembekezere kuti thumba lililonse lolowa pa Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe liziyezedwa motero. Koma chifukwa chomwecho chakuti sitingathe kuyeza chilichonse ndicho chikutikakamiza kulimbikira pa zimene sizifuna makina. Wopanga pirimikisi wodalirika amapereka chikalata chosonyeza zimene zidapezeka atayeza gulu lililonse la katundu wake, ndipo woitanitsa katunduyo atha kulamulidwa kuonetsa chikalatacho pachipata, chokhala ndi zotsatira za dioxin ndi PCB makamaka pa dongo, zinki, kopa, mafuta ndi ufa wa nsomba. Wogawa m'timapaketi atha kulamulidwa kulemba pa kapaketi kalikonse dzina la wopanga ndi nambala ya gululo. Chigayo chilichonse chopanga chakudya cha ziweto chitha kusunga kabotolo ka gulu lililonse kwa miyezi ingapo, pamodzi ndi buku losonyeza amene adagula. Zimenezi si nzeru zanga ayi. Bungwe la Codex Alimentarius, loika miyezo ya chakudya padziko lonse, lidatulutsa malangizo opewera dioxin ndi PCB m'chakudya cha anthu ndi cha ziweto m'chaka cha 2006, ndipo mutu wake waukulu ndi womwewu wodziwa gwero la chosakaniza chilichonse.

Choncho ndikupempha bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi nthambi yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto mu unduna wa zaulimi kuti akhale pansi ndi oitanitsa katundu ndi eni zigayo, agwirizane tsiku limene kugulitsa zosakaniza za m'chakudya cha ziweto m'timajumbo topanda chizindikiro kudzathe. Ndikupemphanso kuti alangizi a ziweto aziuzidwa kuti akamva za khola limene mazira aleka kuswa kapena anapiye akutupa popanda matenda odziwika, azitenga chakudyacho pamodzi ndi nkhuku yakufayo potumiza ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, ndipo makola angapo akadandaula zofanana, azifunsa msanga ngati adagula pamalo amodzi. Aphunzitsi ndi ophunzira a ku Bunda atha kuthandiza kwambiri pongoyendera masitolo ndi zigayo n'kulemba kumene chosakaniza chilichonse chimachokera, ntchito yofuna kope ndi cholembera basi.

Pa za mathiransifoma, dziko lino lili m'Pangano la Stockholm la m'chaka cha 2001, la maiko lothana ndi ziphe ngati zimenezi, limene lidaika chaka cha 2025 kukhala malire ogwiritsira ntchito zipangizo zokhala ndi PCB, ndi 2028 kukhala malire oonongera mafutawo mosamala. Ndi bwino ESCOM ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA atiuze poyera kuti ntchito imeneyi yafika pati, mathiransifoma akale amene adayezedwa ndi angati, ndipo mafuta amene adakhuthulidwa akusungidwa motani. Anthu akamva kuti thiransifoma yabedwa amangoganiza za mdima, koma akadziwa kuti makilogalamu 50 okha a PCB adagwedeza dziko lonse la Belgium, adzayamba kufunsa kumene mafutawo apita, ndipo wogulitsa mafuta otchipa osadziwika gwero adzasowa msika. Ndipo ngati tsiku lina kanthu kadzapezeka, akuluakulu adzatiuze tsiku lomwelo, asadzadikire masabata ngati anzawo a ku Belgium.

Kumbali yanga, ndidasiya kugula m'timajumbo. Tidagwirizana alimi asanu a m'dera lathu kuti tizisonkherana n'kugula thumba lathunthu losatsegula, lokhala ndi chizindikiro chake, ndipo tikagawana aliyense amakopera nambala ya pathumbalo m'kope mwake. Pashelefu ya m'nyumba yosungira chakudya ndili ndi timabotolo 9 tolembedwa masiku, kalikonse kali ndi chakudya chodzaza dzanja chimene ndidasakaniza tsikulo, ndipo sindikataya mpaka nkhuku zimene zidadya zitagulitsidwa n'kupita miyezi itatu. Utuchi ndimatenga kwa ocheka matabwa aawisi okha, ndipo dzala ndidalisamutsira kunja kwa mpanda kumene nkhuku sizifika. Koma alimi ambiri oweta nkhuku 50 kapena 100 sangakwanitse thumba lathunthu, ndipo adzapitabe kukauntala kuja kumene kapu yotapira ndi imodzi. Ndikupempha nyuzipepala ino itume mtolankhani wake m'masitolo ogulitsa zipangizo za ulimi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, akagule timapaketi ta pirimikisi tingapo, adzatiuze kuti ndi tingati timene tili ndi dzina la wopanga ndi nambala ya gulu, kenako akafunse akuluakulu amene ndawatchulawa kuti ayankhe.

Ine wanu,
Mlimi wa nkhuku,
Mitundu, Lilongwe